Juzi ya Apongozi Iyenera Kufa

Lolemba
Juzi iyi iyenera kufa lisanafike Lamulungu. Yachikasu, mizere yofiira, pachifuwa kabakha! Analuka ndi apongozi anga, akazi a mwana wanga Lazaro. Dzulo kuchalichi ba Mulenga akuti, "Ba Phiri, bakha uyo ni wa chopereka?" Amuna onse kuseka. Ine mkulu ndi imvi zanga! Koma apongozi suwauza kuti sindifuna. Ngakhale kumaso sitiyang'anana. Ndiye izifera yokha, zioneke ngati ngozi.

Lachiwiri
Msomali wa pachitseko. Ndikoletsa mkono wa juzi, ndikoka ndi mphamvu zonse. Msomali wazuka. Juzi ilibe kanthu. Chitseko tsopano sichitsekeka.

Lachitatu
Madzi owira. Akuti ulusi umakhwinyata. Wakhwinyatadi! Inali yaikulu ngati thumba la malasha, lero ikundikwana bwinobwino. Amake Lazaro, akazi anga, akuti ndaoneka mnyamata.

Lachinayi
Makoswe. Ndaipaka nsinjiro, ndaiponya kuseri kwa kabati. Adya nsinjiro, sopo, lamba wanga. Juzi ayi. Kani khoswe nayenso amaopa apongozi.

Lachisanu
Akuba sangandikhumudwitse. Muno mu Kanyama ngakhale chikolopa chimapita. Ndaiyanika pawaya wa kunjira, pambali pa jekete yanga yakuda kuti zisaoneke zadala. Ndipita kumsika, ndichedwa, ndichezanso kwa wosoka nsapato. Pobwera: jekete palibe! Bakha alipo, akundiyang'ana.

Loweruka
Mbaula. Khala limodzi pamutu pa bakha, ndiuzira pang'onopang'ono. Bowo lolowa nkhonya. Yafa! Ndaimba kanyimbo.
Masana apongozi afika ndi ndiwo, agwada pakhomo, aiona pampando. Akulankhula kwa amake Lazaro, ine ndikumvera m'nyumba: "Amama, atate akuzizidwa mpaka kukumbatira mbaula? Mayo ine!" Aipinda, apita nayo.

Lamulungu
Yabwera m'mamawa. Pabowo alukapo bakha wina, wamkulu, ana atatu pambuyo. Abweretsanso chipewa chachikasu, akuti mutu nawo usazizidwe. Jekete ndilibe, mphepo ya Juni ikulowa m'mafupa. Ndavala zonse. Apongozi akudikira panja, akuti ayenda pambuyo pathu mpaka kuchalichi. Ba Mulenga akawerenge okha abakha. Koma kufunda kokha, juzi iyi imafunda.