Kuuka kwa a Kamtedza Kudikira Mlendo Wolemekezeka

M'mudzi wina, umene dzina lake sititchula poopa kulipitsidwa mbuzi, munafika kompyuta yosunga kaundula wa alimi. Mlimi aliyense anali ndi chithunzi chake, ndipo pansi pa chithunzicho panali timawu tofotokoza dzina, munda, ndiponso ngati mwini wake akupumabe. Pansi pa chithunzi cha a Lufeyo Kamtedza, bambo wadazi, wathanzi lake ndithu, panalembedwa kuti "malemu". Tsono malemu salandira mbewu, ndipo mvula inali pafupi.

A Kamtedza anavala jekete, ulendo ku ofesi kwa Mayi Edina, Mlembi Wamkulu wa Zolembedwa Zosafufutika.

"Mayi, mwandipha. Ndiukitseni."

"Pepani bambo, chala chinaterereka," anatero mayiwo, nafufuta, nalemba "wamoyo". "Komatu izi zili pagalasi chabe. Ndikapanda kudina apa kuti zilowe mu disiki, moto ukangothima makinawa amaiwala zonse."

Chala chili m'mwamba, analowa a Malikebu, Wapampando wa Komiti Yoona za Kudina Mabatani.

"Imani! Kuukitsa munthu si kusenda mbatata. Batani limenelo adzadina ndi mlendo wolemekezeka, pamwambo."

Abale inu, masabata atatu kompyuta inakhala chiyakire! A Kamtedza anaiwala za kumunda. Kukacha ankapukuta sola yopatsa kompyutayo moto ndi mpango wa akazi awo, masana n'kumathamangitsa aliyense wofuna kutchaja foni pa batire la ofesiyo. Kamtambo kakangodutsa, mtima unkangoti phaa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankadzitonthoza motero, koma mantha anali nawo.

Tsiku la mwambo mlendo anachedwa ndi maola anayi okha, molingana ndi udindo wake. Mawu a munthu wotere samveka opanda chimkuzamawu, ndipo batire linali limodzi. A Malikebu sanavutike n'kuganiza: anazula chingwe cha kompyuta, nalumikiza chimkuzamawu. Mayi Edina anangogwira pakamwa. A Kamtedza anali panja, akupukutira mlendo mpando.

Mlendo analankhula ola lathunthu za ubwino wosunga zinthu msanga. Iye atatha, a Malikebu anayatsanso kompyuta, naibweretsa pagulu itavekedwa nsalu, ndipo mlendoyo anadina batani lija mwaulemu wonse. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. A Kamtedza anavina pang'ono.

Kenaka mlendo anasuzumira pagalasi, nkhope n'kugwa.

"Tisanadye, tiyeni tiimirire mphindi imodzi, tikumbukire mlimi wolimbikira, malemu Lufeyo Kamtedza."

Onse anaimirira. A Kamtedza anatsegula pakamwa, koma a Malikebu anawatsina pamkono.

"Bambo, bwana satsutsidwa pagulu. Tidzakonza pamwambo wa chaka chamawa."

A Kamtedza anavula chipewa, naweramitsa mutu pamodzi ndi anzawo. Pa dazi lawo panagwa dontho loyamba la mvula.