Gitala Yokhala ndi Diso

A Belaid sankatha kudutsa thabwa osaligogoda. Chitseko, tebulo, benchi ya kumzikiti, mpini wa khasu la eni ake, zonse ankazigogoda kawiri ndi chala chapakati, kenaka n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomwe yamva mphamba. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yogawa makalata m'midzi yathu ya m'phiri muno, ndiye ena ankati chala chinangozolowera. Bodza limenelo. Wogawa makalata amagogoda kuti amutsegulire, pomwe a Belaid ukawatsegulira ankakwiya.

"Tseka, Meziane, tseka! Sindinadzere iwe."

"Nanga mwadzera ndani, Dda Belaid?"

"Chitsekochi. Khala chete timve... Ayi, n'chogona. Chilibe mawu."

Meziane ndine, ndipo nyumba yanga ndi yawo zinagawana khoma limodzi, choncho zambiri ndinaziona ndi maso angawa. Kwathu kuno bambo wamkulu timamulemekeza ndi mawu oti Dda, mayi wamkulu ndi oti Nna. Chomwe mkuluyu ankasaka ndi thabwa loimba. Atapuma pa ntchito anatsimikiza kuti apanga gitala ndi mitengo ya konkuno, osati matabwa a m'sitolo a ku tauni ya Tizi Ouzou. Palibe anawaphunzitsa, ndipo zinkachita kuonekeratu. Yoyamba, ya mtengo wa mkuyu, inkalira ngati mbuzi ya chimfine. Yachiwiri khosi linapindika mpaka mphaka ankadutsa pansi pa nsambo osazikhudza. Yachitatu akazi awo, Nna Sekoura, anaichotsa nsambo n'kukaiika m'khola, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira.

"Pa zonse zimene mwapanga bambo, yatulutsa kanthu ndi yokhayi," anatero Nna Sekoura.

Kumalo athu omwera khofi tinkawaseka tsiku ndi tsiku, ndipo iwo sankasowa chobweza.

"Dda Belaid, tebuloli likuti bwanji lero?"

Go, go. Mutu pendeke. "Likuti ukubera anzako pa domino."

Zinthu zinasokonekera pa maliro a a Ouali, mkulu wa chigayo. Mudzi wathu unali ndi chithatha chimodzi chonyamulira maliro, chomwe chinkasungidwa kumzikiti. Anachipanga ndi makolo athu, ndi thabwa la mkungudza wa pamwamba pa phiri, ndipo chinali chitauma mpaka kupepuka ngati lichero. Cha kumutu kwake kunali mfundo yakuda yooneka ngati diso. Mwana aliyense m'mudzi muno anakula akuliopa diso limenelo, ine ndemwe ndinkalilota. Tsikulo tinatula maliro panja pa mzikiti kuti tiwapempherere, a Belaid ataima pafupi ndi ine. Sindikhulupirira kuti anachita dala. Chala chinangopita chokha.

Go, go.

Thabwa linayankha. Nanenso ndinalimva, ine amene sindisiyanitsa nyimbo ndi phokoso la chigayo. Mawu ake anali oyera, ndipo anachedwa kutha. Nditacheuka ndinapeza munthu wamkulu akumwetulira pamaliro, mano onse panja.

"Dda Belaid, tsekani pakamwa, anthu akuona."

"Wamva, Meziane? Wamva?"

"Ndamva kuti a Ouali amwalira. Inu mwamva chiyani?"

Pa msonkhano wa mudzi wotsatira a Belaid anaimirira, chinthu chomwe sankachita. Anati chithatha chathu chakalamba, tsiku lina chidzathyoka ndi munthu n'kutichititsa manyazi pamaso pa alendo. Iwo apanga chatsopano ndi manja awo, mwaulere, ndi mtengo wa azitona womwe bambo awo anawasiyira. Anthu anawomba m'manja modabwa. Kudula mtengo wa azitona wobereka chifukwa cha akufa a eni ake! Shehe Tahar anaimirira n'kuwapsompsona pamutu.

"Nanga chakalechi tichita nacho chiyani?" anafunsa shehe, akuwayang'ana m'maso.

"Ndi... ndikachikwirira ndekha. Mwaulemu."

Anthu anawomba m'manja kachiwiri.

Chithatha chatsopano chinabwera chokongola, chonyezimira, cholemera ngati ng'ombe yamphongo. Manda athu ali pamtunda, ndipo aliyense amene ananyamulapo maliro akudziwa kuti katundu amatsikira kwa wamfupi. Wamfupi m'mudzi muno ndine. Phewa langa lamanzere ndi lotsika mpaka lero, telala amachita kudandaula. Woyamba kunyamulidwa anali Nna Ferroudja, kagogo kochepa ngati mwana wa sukulu, koma tinafika kumanda malilime ali panja. Wina kumbuyo ananong'ona kuti gogoyu ayenera kuti anali ndi machimo obisika. Komabe kudandaula poyera kunali kosatheka. Ungadandaule bwanji mphatso ya munthu wa Mulungu?

Pakuti ndi mmene a Belaid anayambira kutchedwa. Kumzikiti ankawakankhira mzere wakutsogolo. Abale akakangana za malire a munda ankapita kwa a Belaid. Amayi ankatumiza nkhuyu zouma ndi mafuta kunyumba kwawo, ndipo mwana wina wobadwa chaka chimenecho anamutcha Belaid. Shehe Tahar ndiye sankatopa, Lachisanu lililonse dzina lawo linkalowa mu ulaliki. Chodabwitsa n'chakuti akamatamandidwa, munthuyo ankafota. Ankayenda m'mbali mwa makoma, maso pansi. Kugogoda anasiya, dzanja lamanja lili m'thumba ngati analimangiramo. Tebulo la domino linasowa wolifunsa.

Ine ndinadziwa chifukwa chake nthawi yokolola azitona. Ndinapita masana kukabwereka makwerero, n'kupeza chitseko cha kachipinda kawo kopalira matabwa chili chotsegula pang'ono. Ndinasuzumira. A Belaid anali pampando, gitala yatsopano ili pamwendo, yofiirira, yosalala, khosi lowongoka bwinobwino. Ndipo pamimba pake, pansi pa nsambo, diso lija linali phee, likundiyang'ana.

Ndinakankha chitsekocho. "Dda Belaid! Agogo anga anagonapo pamenepo!"

"Anga omwe. Bambo anga omwe. Lowa, tseka chitseko."

"Munati mukakwirira."

"Miyendo yake ndinakwirira. Mwaulemu."

"Bwanji osapaka utoto disolo?"

"Ndinapaka. Mawu anafa. Ndinapalanso." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Thabwa lonse lija, pomwe pamaimba bwino ndi pamenepa. Ndikanatani?"

Ndinafuna kuwakalipira chifukwa cha agogo anga ndiponso chifukwa cha phewa langa. Koma iwo anakhudza nsambo imodzi, kenaka inzake. Kuimba sankatha kwenikweni, ankangodziwa kanyimbo kamodzi ka amayi opera tirigu. Komabe kachipinda konse kanadzaza, utuchi ndi fumbi zomwe, ndipo ine ndinapezeka ndakhala pansi osadziwa kuti ndakhala nthawi yanji.

"Zaka zonsezi ndinkangofuna kuti tsiku limodzi anthu anene kuti Belaid wapanga gitala," anatero motsitsa mawu. "Ndapanga. Tsopano ndiionetse ndani? Anditcha woyera chifukwa cha umbava. Akandipsompsona pamutu ndimafuna nthaka ing'ambike. Lumbira, Meziane."

Ndinalumbira. Makwerero ndinaiwala.

Kuyambira pamenepo manyazi awo anasanduka anganso. Maliro akachitika ndinkasenza chimtengo chija ndikudziwa chifukwa chake, wina pambali panga akupuma mwabefu n'kumati, "Mulungu awadalitse a Belaid." Ndinkayankha kuti amini, mano ndikukukuta. Masana ena, mudzi ukapita kuminda, ndinkamva kanyimbo kaja kakudutsa khoma, kotsika ngati munthu wolankhula m'chipinda cha wodwala.

Tsiku lomwe linandiwawa ndi la ukwati wa Dehbia, mwana wawo wotsiriza. Mtsikanayu ankawakonda bambo ake ndi misala yawo yomwe, ndipo anapempha chinthu chimodzi: pa ukwati wake iimbidwe gitala yopanga bambo ake. Woimba anali Arezki, mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa zala zanzeru yemwe amaitanidwa m'maukwati mpaka kutsidya kwa chigwa. Ine anandituma kukathandiza kunyamula mipando, ndiye ndinawaona a Belaid ataima kutsogolo kwa kabati momwe ankabisa gitala ija. Anatsegula. Anaigwira pakhosi. Anaima choncho nthawi yaitali, kenaka anatseka n'kutenga ya mkuyu.

Arezki anayesetsa, mwana wa eni ake. Mbuzi inalira. Nsambo inaduka n'kumenya mlamu wa mkwati pakhutu. Alendo a kuchimuna anaseka mpaka kukhetsa msuzi, ndipo ife eni mudzi, pofuna kubisa manyazi, tinaseka kuposa iwo. Shehe Tahar anakweza mawu kuti onse amve.

"Musaseke, abale. Mulungu sapereka zonse kwa munthu mmodzi. Awa anawapatsa mtima woyera, manja anawamana."

A Belaid anaseka nawo. Ine ndinatsegula pakamwa, iwo n'kundiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinatsekanso. Dehbia anapita ku banja lake akudziwa kuti bambo ake ndi munthu wabwino wosatha kupanga gitala.

A Belaid anamwalira nyengo yachisanu, atadwala pang'ono chabe. Anali ataonda kwambiri, koma chithatha chawo sichinawachitire chifundo ngakhale iwo. Tinakwera mtunda uja tikuterereka m'matope, ndipo kanali koyamba kuti pasapezeke wonong'ona nthabwala.

Tsiku lachitatu amuna tinakhala pabwalo la nyumba yawo, shehe akuwerenga mapemphero. Atangomaliza, Nna Sekoura anatulukira pakati pathu, pomwe amayi safika, atanyamula chinthu chokulunga m'bulangete. Anachitula pamiyendo pa shehe n'kuvundukula. Diso linatiyang'ana tonse. Nkhalamba zina zinabwerera m'mbuyo ndi mipando yomwe.

"Ichi ndi chithatha chanu," anatero mayiyo. "Amuna anga anakunamizani. Afa nazo pakhosi. Ine sindifa nazo."

Shehe Tahar anayang'ana gitalayo.

"Ndinkadziwa, Nna Sekoura."

"Mwati chiyani?"

"Ndinawaona pa maliro a a Ouali, akugogoda. Pa msonkhano paja ndinadziwiratu chomwe akufuna. Ndinati ndiwatamande mpaka manyazi awagwire, abwere okha adzaulule, tiseke, nkhani ithe. Lachisanu lililonse ndinkawonjezera. Sindinkadziwa kuti munthu angapirire chonchi." Anasisita thabwalo. "Za pa ukwati zija, ndinkaganiza kuti thabwalo analiwononga ngati enawo."

"Ine ndinaona miyendo yokha akukwirira," anatero wa chigayo, mwana wa a Ouali, akuyang'ana nsapato zake.

"Ine ndinkamva fungo la mkungudza ndikamadutsa," anatero wina.

Zinapezeka kuti theka la mudzi linkadziwa kanthu, aliyense atasunga kachidutswa kake, ndipo ine ndi lumbiro langa ndinali chitsiru chimodzi mwa zambiri. Chomwe sankachidziwa n'chakuti gitalayo inatheka. Nna Sekoura anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo sindinaonepo amuna a ndevu akuchepa chonchija.

"Mwamutamanda munthu mpaka kumupha," anatero. "Tsopano mumumvere. Arezki, tenga."

Arezki anayang'ana shehe, pakuti gitala pa maliro kwathu kuno n'chinthu chosamveka. Shehe anamupatsa ndi manja awiri.

Mnyamatayo anakonza nsambo, n'kukhudza kamodzi, n'kusiya. Anaitembenuza gitalayo, akuyang'ana m'kati ngati muli munthu. Kenaka anaimba kanyimbo ka opera tirigu kaja, komwe Nna Sekoura anamuuza. Amayi anasiya miphika n'kudzaima pakhomo. Nkhalamba ina inati, osauza munthu aliyense, "Mayi anga anagonapo pamenepo," koma sinanene mokwiya. Dehbia anadutsa pakati pa amuna n'kugwada pafupi ndi Arezki, n'kuika dzanja pa thabwalo kuti amve likunjenjemera.

"Apanga ndi bambo anga?" anafunsa.

"Ndi bambo ako," ndinayankha ine. Ndi mawu omwe ndinayenera kuwanena iwo akumva, ndipo anandiwawa potuluka.

Gitala ili kwa Arezki tsopano, ndipo palibe ukwati m'mudzi muno umene umatha diso lija lisanaonekere. Ana a masiku ano saliopa n'komwe. Chaka chatha anyamata obwera kuchokera ku tauni anati tigule chithatha chachitsulo, chopepuka, chokhala ndi zogwirira. Msonkhano unakana, ndipo woyamba kukana ndinali ine, ndi phewa langa lomweli. Tikamanyamula maliro, nthawi zonse pamapezeka wina wogogoda kawiri pambali pake, mobisa. Sichiyankha. Mwini wake akanati n'chogona.

Zitseko ndiye zangokhala zitseko. Masiku ano changa chikagogodedwa ndimachedwa dala kutsegula, koma wogogodayo amagogodanso, chifukwa wadzera ine.