Am Jilani ndi Injini Zaludzu

Mulungu awakhululukire Am Jilani, koma moni sankaudziwa. Tonse kuno pazilumba za Kerkennah timayamba ndi salamu, iwo ankayamba ndi funso: "Yakodza?" Kaya wakumana nawo pakhomo pa mzikiti, kaya uli ndi apongozi, funso linali lomwelo. Ankanena injini ya boti, ija yomangirira kumbuyo, mwendo wake uli m'madzi. Injini yabwino imamwa madzi kumwendo kwake n'kumatulutsa kamkodzo kumbuyo, ndiye mtima wonse wa Am Jilani unali pa kamkodzo kameneko.

Munthu akaliza injini pamtunda popanda madzi, ankaimva ali kumapeto kwa mudzi. Ankatuluka opanda nsapato, thovu lometera ndevu lili tsaya limodzi.

"Zimitsa, bulu iwe."

"Ndimangofuna kumva ngati ikulira, Am Jilani."

"Ikulira chifukwa ukuipha. M'katimo muli kampira kopalasa madzi. Kakazungulira pouma kamapsa usanamalize bismillah. Lero suona kanthu. Idzakuuza mawa, uli pakati pa nyanja."

Bwana wina wochokera mumzinda wa Sfax anayesa kuliza yake m'garaja, chitseko chotseka, giya ili m'kati, chopalasira chachitsulo cha kumwendo chikuzungulira pafupi ndi mkanjo wake. Am Jilani anamutulutsa atamugwira kolala. "Utsiwo ukakulephera, chitsulocho chikumaliza. Ukufuna mkazi wako akutole m'mbale?" Bwanayo sanabwerenso kudzapuma kuno.

Ife tinkaseka. Amene sankaseka ndi mkazi wawo, Mbarka. Mgolo wake wochapira unapita kukamwetsa injini. Mgolo wosungira azitona unatsatira. Koma za migolo zinali zazing'ono. Chomwe chinkamudya Mbarka chinali mwana wawo Wassila, zaka makumi atatu ndi chimodzi, akadali pakhomo. Amuna awiri anabwerapo kudzafunsira, onse anathawa pakamwa pa bambo ake. Woyamba anangoseka atafunsidwa funso lija. Wachiwiri anavomera kuti anawotchapo injini, ndipo Am Jilani anamutsegulira chitseko tiyi asanazizire. Mbarka anapemphera mpaka mawondo anachita zikang'a. Ndiye Mulungu anatumiza Moncef, msodzi wofatsa, mwana wa Lella Dalila, mayi wamasiye amene amuna awo anapita kunyanja kale kale osabwerako.

Tsiku lowerenga pemphero la Fatiha pa chitomero, mipopi inali itauma masiku atatu. Madzi onse a m'nyumba Mbarka anawathira mumphika umodzi, chimphika chamkuwa chimene anasiyiridwa ndi amayi ake, choti aphikiremo msuzi wa kusikusi, chakudya chathu cha tirigu, wa anthu makumi anayi. M'mawa anawagwira amuna ake pamkono.

"Jilani, lero pakamwa panu pakhale potseka."

"Ndayankhula chiyani?"

"Simunayambe. Ndikukupemphani m'dzina la Mulungu. Uyu akapita, sikubweranso wina."

Alendo anafika ndi shuga, makeke ndi mphete. Anabweranso ndi injini yatsopano pa kagalimoto, kuti tonse tione kuti Moncef ali ndi chodyetsera mkazi. Mkulu wake wa Moncef, Noureddine, wa mu ofesi uja amaonera nyanja pazenera, anaimangirira kumbuyo kwa galimoto n'kutsala panja ndi anzake. M'nyumba shehe anakweza manja, tonse tinakweza manja. Tili pakati pa Fatiha, panja injini inabangula.

Mbarka anatseka maso. Potsegula, pampando pa amuna ake panalibe munthu.

Pamene tinkatuluka, injini inali itazima kale.

"Wakoka chingwe ndani?" anakalipa Am Jilani.

"Ndine," anatero Noureddine. "Musade nkhawa, Am Jilani, ndi yatsopano."

"Yatsopano ilibe ludzu? Iwe uli watsopano amako sanakuyamwitse? Tayi ili pakhosi, m'mutu muli mchenga."

Lella Dalila anayamba kukonza mpango wawo, muja amachitira munthu woti anyamuka. Am Jilani sanawaone n'komwe. Anati sapuma mpaka adziwe ngati kampira kaja kapulumuka. Anasuzumira mumgolo wawo, gwa, mouma. Anatsegula mpopi, unangopuma mpweya. Kenako anatembenukira kukhitchini.

Mbarka anaima pakhomo, chipande chili m'manja.

"Mukangogwira mphikawu, mukagona m'boti."

"Ndagonamo kangati?"

"Alendo adya chiyani?"

"Adya manyazi a Noureddine, ndi ambiri, akwanira."

Anamulambalala. Mphikawo unali wolemera, munthu mmodzi sakanatha. Mbarka anaona wina akugwira chogwirira chinacho, ndipo anali Moncef, mkamwini mwiniwake, atavula jekete. Anauika pansi pa injini, mwendo wa injini unamira mpaka madzi anapitirira timabowo tomwera ndi zala zinayi. Am Jilani anamasula chopalasira n'kuchiika padera, anaonetsetsa kuti giya yachoka, anatithamangitsa amayi tonse.

"Mikanjo kutali. Koka iwe mwiniwake. Ikalira uisiye ing'ung'udze, usaikalipitse."

Moncef anakoka. Madzi a Mbarka anayamba kubwata ndi utsi, mafuta akuyandama pamwamba. Anthu makumi anayi ovala zapaukwati, shehe ali pomwepo, tonse maso kumbuyo kwa injini. Palibe chotuluka. Am Jilani dzanja lili pozimitsira, milomo ikuwerenga. Kenako kunadontha, kunadonthanso, basi kamkodzo kanawongoka mpaka pa nsapato za Noureddine.

"Alhamdulillah," anatero shehe, n'kuchita manyazi okha.

Lella Dalila sanaseke. "Zitomero ndapitako zambiri. Koma kutukwanidwa ndi kubwerera ndi njala tsiku limodzi, n'koyamba. Moncef, vala jekete."

Mbarka anatembenukira kunyumba. Anayang'ana pazenera pomwe Wassila ankasuzumira, koma anali atachokapo.

Am Jilani anapukuta manja pa malaya awo oyera. Mawu awo anatsika, mwina koyamba chibadwire.

"Pitani, Lella Dalila, sindikuletsani. Koma mwana uyu ndamulera zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sindinamulerere kuti azikaima padoko kudikira boti losabwera. Inu munaimapo paja. Mukudziwa."

Lella Dalila anayang'ana mphika, anayang'ana mwana wawo amene anali akadagwira injini, manja ali mafuta okhaokha. Anatembenuka, analowa m'nyumba, anakhala pampando womwe uja.

"Shehe, yambiraninso. Tinalekeza pakati."

Tinadya buledi, mafuta a azitona ndi harisa, tsabola wosinja uja. Mphika uja Mbarka anaukwecha ndi mchenga, ndi mandimu, ndi phulusa, mpaka lero umanunkha petulo. Am Jilani anagona m'boti sabata ziwiri.

Anamwalira chaka chatha, masana, atakhala pampando wawo pakhomo. Wassila ali ndi ana awiri, ndipo Moncef amapita kunyanja n'kubwera, tsiku ndi tsiku. Koma m'mudzi muno injini zikulira pouma ngati mbuzi zikuphedwa, ndipo palibe chitseko chimatseguka kuti wina adzakalipe. Mwezi uno wokha maboti awiri abwera chokokedwa. Amuna athu amati ndi chifuniro cha Mulungu. Mulungu anakuuzani kuti musathire madzi mumgolo? Ulesi wanu musamusenzetse Mulungu.

Lachisanu lapitali tinapita kumanda ndi Mbarka. Anathira madzi pamanda, anawerenga Fatiha yonse mosadukiza, kenako ndinamumva akunong'ona.

"Mulungu, akhululukireni Inu. Ine sindinathane nawo. Mundisungire malo pafupi nawo, ndidzamalize."