Kiyi wa bokosi la mafyuzi

A Orest Hrynkiw sankakonzera magetsi munthu wosadziwa samu. Ukawaitana kuti m'nyumba mwathima, ankabwera ndithu, n'kuvula nsapato pakhomo ngati munthu waulemu, koma chikwama cha zida sankachitsegula mpaka utayankha mafunso awo.

"Mavolti m'khomamu ndi angati?"

"120."

"Hita yanuyi imakoka maampu angati? Werengani kumbuyoko, maso muli nawo."

"12."

"Chulukitsani."

Iwe uli njenjenje ndi chisanu cha Januwale, mwezi wozizira kwambiri kwathu kuno, iwo ali phee, kudikira. Ukati 1,440 ankati, "Mawati amenewo, mphamvu imene hitayi imadya. Tsopano gawani mavolti ndi maampu." Ukapeza 10 ankati amenewo ndi maomu, kuuma kwa waya pokaniza magetsi kudutsa, ndipo apo m'pamene ntchito inkayamba. Ukalakwa, ankalemba samu yonseyo ndi pensulo pakhoma lako n'kusaina dzina lawo.

Ngakhale wansembe wathu, bambo Mykola, sanapulumuke. Magetsi atathima m'tchalitchi, a Orest anawauza kuti, "Lamlungu lapitali munachulukitsa mikate isanu mpaka kukhutitsa chikhamu. Lero 120 kuchulukitsa ndi 15 yakukanikani?"

Koma amene ankaziona kwambiri anali akazi awo, mai Stella. Pa mgonero uliwonse m'holo ya tchalitchi ankawaimiritsa n'kuwafunsa kasamu, ndipo nthawi zonse mai Stella ankalakwa.

"Mwaona?" ankatero a Orest. "Mutu wa mayi akunyumbawa uli ndi maomu ochuluka. Simudutsa kanthu."

Tinkaseka, sindibisa. Ukamaseka mnzako umakhala ukuthokoza kuti lero si iwe.

Ine ndine Marlene, ndipo khitchini ya holoyo ndaiyang'anira zaka 26. Munthuyu ndinkadana naye kuchokera pansi pa mtima. Bokosi la mafyuzi la m'holomo analikhoma loko, kiyi n'kumayenda naye pakhosi pamodzi ndi mtanda. Fyuzi ya khitchini inali ya maampu 15. Ketulo yathu yaikulu ya khofi imakoka 12, mphika wamagetsi wotenthetsera maperogi, tizitumbuwa tathu towiritsa toika mbatata mkati, nawonso 12. Ndiye tinkasankha: khofi wotentha kapena chakudya chotentha. Ndikayatsa zonse fyuzi inkapsa, ndipo ndinkakawagwadira, iwo n'kundiwerengetsa samu pamaso pa amayi anzanga ngati mwana wasukulu.

Kenaka anadwala sitiroko. Anachira, koma mwendo wina ankachita kuukoka, mawu n'kumatuluka limodzilimodzi. Kiyi uja anali pakhosi pomwepo. Ine ndi Dwayne Pasternak, wapampando wa komiti ya holo, tinagwirizana zodikira mgonero waukulu wa pokolola, pamene holo imadzaza.

Anthu ali mkati mwa kudya ndinagogoda supuni patebulo.

"A Orest, tithandizeni pano. Mavolti 120, maampu 15. Mawati angati?"

Milomo yawo inagwedera. Anandiyang'ana, anayang'ana kudenga.

"Werengani zala, mdala!" anakuwa Dwayne.

"Abwerekeni pensulo!" anatero wina kumbuyo.

Holo yonse inafa nacho chiseko, ena mpaka misozi. Ine ndinati, "Lamulo ndi lanu lomwe lija, bambo. Wosadziwa samu sayandikira magetsi." Ndinawavula chingwe cha kiyi m'khosi. Anachigwira ndi dzanja lamphamvu lija, ndipo ndinachita kuwatambasula zala chimodzichimodzi. Mumtima ndinamva kukoma, ndipo ndilibe pobisala. Mai Stella anangowamanga mabatani a jasi n'kupita nawo kunyumba.

M'mawa mwake Dwayne anachotsa fyuzi ija, n'kulowetsa khobidi lamkuwa kuseri kwake kuti magetsi azingodutsa osathima, monga ankachitira agogo ake kufamu. "Khobidi silipsa," anatero. Kuyambira pamenepo khofi ndi maperogi zinkatenthera limodzi, ndipo tinkadzitama kuti ufulu wafika.

A Orest sanapondenso m'holomo. Anamwalira mu Malichi.

Pa chakudya cha maliro awo kunabwera anthu ambiri, mwina pofuna kutsimikiza. Ndinayatsa ketulo ndi miphika iwiri. Bambo Mykola ali mkati mwa pemphero, tinamva fungo ngati la tayala likupsa. Aliyense ankanunkhiza mnzake. Mai Stella anadzuka ndi diresi lawo lakuda, n'kulowa m'khitchini, n'kuzula mapulagi onse atatu. Anagwira khoma pamwamba pa soketi, n'kuchotsa dzanja msangamsanga. Penti inali itayamba kutukusira.

"Zinthu zitatu za maampu 12, ndiye 36, pa waya wa 15," anatero. "Mawati 4,320 pomwe payenera 1,800. Marlene, umafuna tiike maliro angati lero?"

Ndinawafunsa kuti, "Kodi samuyi mumaidziwa?"

"Kuyambira chaka choyamba cha ukwati wathu. Nanga ankaphunzitsa ndani pa tebulo tikamadya?"

"Nanga bwanji munkalakwa?"

"Bamboyo analibe china chonyadira. Ndinkamusiyira chimenecho. Inu munamulanda." Anatambasula dzanja. "Kiyi."

Ndinawapatsa. Khobidi lija analitulutsa okha atathimitsa magetsi onse, n'kuliponya m'khofi wa Dwayne.

Masiku ano kiyi ali pakhosi pa mai Stella. Fyuzi ikapsa amabwera, amasintha, amakhoma loko n'kumapita. Safunsa munthu funso, sanyoza, salemba pakhoma. Tabwerera ku khofi wozizira, ndipo palibe amene amadandaula. Chaka chatha komiti inapaka penti khitchini yonse, koma pafupi ndi chitseko pali samu ina imene a Orest anandilembera kalekale, dzina lawo lili m'munsi. Dwayne atafika pamenepo ndi bulashi ndinamugwira mkono. Ndikamayatsa ketulo ndimapezeka ndikuchulukitsa chamumtima, ndipo yankho ndimalipeza, koma woti ndimuuze palibe.