Tsiku Limene Abale Onse Anali ndi Nambala Imodzi

Azakhali anga a ku Chembe sandiyankha moni mpaka lero, ndipo sindikuwadandaula.

Kwathu kwa Mponda munthu akamwalira m'mawa amaikidwa tsiku lomwelo, ikangotha swala, pemphero la masana la kumzikiti. N'chifukwa chake amalume, Che Yusufu, ankasunga manambala a foni a abale onse pakompyuta yawo, mu fayilo ya TXT. Fayilo yopusa, yongosunga zomwe walemba osaganiza kanthu.

Ine, monga munthu amene anapondako ku koleji (miyezi isanu ndi iwiri, kenako tinasiyana mwamtendere), ndinaona kuti n'zachikale.

Ndinauza amalumewo kuti, "Mjomba, iyi tiisandutse CSV. Pakati pa dzina ndi nambala tiika mpatuliro, chilichonse chilowe m'bokosi mwake. Uthenga umodzi, onse alandira."

"Ndiye zimene munkaphunzirazo?"

"Teremu yoyamba yeniyeni."

Ndinaisandutsa, n'kuitsegula m'pulogalamu yoika zinthu m'mabokosi, n'kusunga. Ya TXT ndinaifufuta iwo akuona.

Phunziro lotsatira liyenera kuti linaphunzitsidwa nditachoka kale. Pulogalamuyo ikaona nambala yaitali yoyamba ndi 265 imayesa chiwerengero chachikulu, imaifupikitsa, ndipo ukasunga imasunga chofupikacho. Zotsalazo zapita.

Lachinayi lina m'mawa agogo aamuna anatisiya.

"Wakoleji, tumiza uthenga," anatero amalume. "Maliro ikatha swala."

Ndinatsegula fayilo. Aliyense, kuyambira wa kwa Mponda konkuno mpaka wa ku Chembe, nambala yake inali 2.66E+11. Banja lathu silinagwirizanepo chonchi.

"Watumiza?"

"Zikuyenda, mjomba."

Sizinkayenda. M'foni mwanga munali anzanga a bawo okhaokha, ndi mtsikana wina amene anandikana. Abale apafupi anamva pakamwa. Azakhali a ku Chembe aja, Abiti Saidi, mwana woyamba wa malemu, anamva tsiku lotsatira kwa mayi wogula usipa.

Atafika sanalire kaye. Anafunsa kuti wotumiza uthenga anali ndani. Khonde lonse linandiyang'ana.

"Azakhali, vuto ndi mtundu wa fayilo..."

"Fayiloyo ndiyo inali ndi bambo?"

Funso limenelo ku koleji sitinafikepo.

Tsopano amalume akulemba manambala m'kope. Za sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirireni agogo, anandituma ine, panjinga, khomo ndi khomo, kukanena ndi pakamwa. Ndikupalasa ndinaganiza kuti kopelo likhoza kusanduka CSV yabwinobwino, bola kusamala. Sindinawauze. Ndikudikira maliro azizire.