Gelevazio ndi Kanema wa Tsiku la Chiliza

Mwambi mwandifunsawu, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Siyani kaye makompyutawo, ndipo wina asandiuze kuti miyambi ndi yakale kuposa magetsi. Ine ndakonza makina amenewa kwa zaka makumi awiri, ndipo ndikunena zimene ndinaona.

Kuno kwa Mponela kunali mkulu wina, Gelevazio Kamtedza, kalaliki wa pasitolo ya feteleza. Sanali munthu woipa, koma makutu ake anali ongokongoletsa mutu. Ukangoyamba kumuuza kanthu, ankakudula pakamwa kuti, "Ndadziwa kale."

Amayi ake atadwala mwakayakaya, anamuuza kuti awajambule kanema pafoni. Anali ndi mawu oti asiyire mwana wawo wamkazi, Filomena, amene ankagwira ntchito ku Joni. Amayiwo anamwalira Filomena ali komweko, ndipo ngakhale maliro sanawapeze. Chaka chonse Filomena ankangopempha kuti, "Achimwene, nditumizireniko kanemayo ndimve mawu a amayi."

"Dekhani, achemwali," ankatero Gelevazio. "Mawu a amayi si omvera pakagalasi ka foni. Tsiku la chiliza ndidzawaonetsa pakhoma, abale onse akuona."

Mwezi wa chiliza utayandikira, anakhala pa laputopu yake n'kusanja masilaidi, zithunzi zotsatizana zija mumaphunzira pano. Anaika amayi ali mtsikana, amayi kudimba, amayi m'yunifomu ya Mvano, ndipo kumapeto anaika kanema uja. Kenako anapita kwa mayi Esinati, amene amabwereketsa pamsika pulojekita, makina oonetsera zithunzi pakhoma.

"Bambo Kamtedza," anafunsa mayiwo, "kanemayu mwamulowetsa m'kati mwenimweni, kapena mwangoloza kumene ali? Nthawi zina silaidi imangosunga chithunzi chapamwamba ndi njira yopita kwa kanemayo."

Gelevazio anadina batani, amayi ake n'kuyamba kusuntha pagalasi. Anazimitsa msanga. "Mwaona? Akusewera."

"Akusewera chifukwa kanema weniweniyo akadali m'laputopumo. Musamufufute paliponse, ndiponso..."

"Ndadziwa kale, mayi. Ingondipatsani pulojekitayo ndi chingwe chake."

Mayi Esinati anampatsa zonse ziwiri. Munthu sumuthira nzeru ndi fanulo.

Tsiku lomwelo foni ya Gelevazio inadandaula kuti yadzaza. Iye anati, kanema ali m'silaidi, apa akutaninso? Anamufufuta. Atayang'ana pa laputopu anaonanso kanema yemweyo ali payekha pakona. Mkuluyu anali waukhondo, sankafuna zinthu ziwiri zofanana. Anamuponya m'bini la zinyalala la m'laputopumo, binilo n'kulikhuthula. Kwa masabata atatu otsatira anadzaza laputopuyo ndi nyimbo zakwaya, osayesanso silaidi yomaliza ija, poti anali atadziwa kale kuti imasewera.

Tsiku linafika. Atachoka kumanda, abale anadzaza m'kalasi ya pasukulu, mazenera ataphimbidwa ndi zitenje. Filomena anakhala kutsogolo, kansalu kopukutira misozi kali m'manja. Zithunzi zinayenda bwino, anthu akuseka ndi kuloza. Kenako amayi anaonekera pakhoma lonse, atatsamira pilo, pakamwa patatseguka pang'ono ngati ayamba kulankhula.

Gelevazio anadina batani. Zii. Anadinanso, n'kudinanso. Panatuluka timawu tachingerezi tonena kuti kanema sakupezeka.

"Mwina ndi sipika," anatero wina kumbuyo.

"Ndadziwa kale," anayankha Gelevazio. Anazula chingwe, anachipemerera, anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Amayi anabweranso pakhoma, pakamwa pali chomwecho.

Pamenepo anatuma njinga kudzanditenga ine. Ndinafufuza paliponse, koma nyimbo zakwaya zija zinali zitakhala kale pamalo pa kanemayo. Ndakhala ndikuuza anthu kuti zinthu zawo zatayika, koma tsiku limenelo zinandiwawa kunena.

Filomena sanakalipe. Anangoti, "Palibe kanthu, achimwene. Inu munalipo. Ingondiuzani pakamwa, amayi anati chiyani?"

Gelevazio anakanda m'mutu. Anakumbukira kuti kuchipindako kunali mdima, ndiye ankasuntha katani. Anakumbukira kuti ankalimbana n'kuti foni isagwedezeke, ndi kuti tambala analira panja n'kumukwiyitsa. Amayi ankalankhula motsitsa, iye n'kumati adzamvetsera bwino pambuyo pake. Pambuyo pakepo sanamvetsere, poti ankadziwa kale zimene mayi angauze mwana wake.

"Sindikudziwa, achemwali," anatero. Abale akuti aka kanali koyamba kumumva akunena mawu amenewa.

Filomena anaimirira, anapita pakhoma n'kuika dzanja pa tsaya la amayi ake. Kuwala kwa pulojekita kunagwera pamsana pake, ndipo mthunzi wake unaphimba nkhopeyo.

Malume awo, a Zuze, mmisiri amene anamanga chilizacho, anayang'ana khomalo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Gelevazio.

"Mphwanga, makoma wamanga bwino, ndi zenera lomwe waika, mlongo wangayo tikumuona ali m'katimo. Koma tilowera pati?"

Anavala chipewa chawo n'kunena mawu amene mpaka lero timauza aliyense wodula mnzake pakamwa: "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."