Ndinamusankhira mkamwini wanga alonda

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anandipusitsa. Zimenezi zimveke bwino, chifukwa nkhaniyi ikamadzafika kwathu ku Ntaja idzakhala itamera nyanga. Zonse zimene zinaonongeka ndinaononga ndekha, ndi chala changa ichi, masana dzuwa likuswa mtengo.

Ndinabwera kuno ku Doha kudzasambitsa mdzukulu wanga Faiza. Mayi ake, mwana wanga Patuma, amagwira ntchito kuhotela, ndipo mwamuna wake amakonza mapampu pakampani ina ya gasi. Amakhala ku Al Nasr, mufulati ya zipinda ziwiri, pamwamba pa malo ochapira zovala. Viza yanga inali ya alendo, yoti ikamatha mkamwini akaonjezere. Akapanda kuonjezera, agogo pandege, mwana n'kutsala m'manja mwa mtsikana wantchito amene sindikudziwa ngakhale mtundu wake. Chimenechi ndicho chinkandiopsa kuposa china chilichonse.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Mufulati mulibe tchire. Muli kanjira koti anthu awiri sangadutsane osakhulana mapewa, ndiye tinapangana popanda kukambirana: iwo akamatuluka kuchipinda amatsokomola, ine ndimalowa kukhitchini n'kumayang'ana firiji. Zokamba zonse zinkadzera kwa Patuma. Patuma akakhala ku shifiti, zinkadzera kwa Faiza, wa miyezi inayi.

"Faiza, uwauze agogo ako kuti mpunga wakoma."

"Faiza, uwauze bambo ako kuti ndamva."

Mwanayo ankangoyamwa chala chake cha kuphazi, koma mauthenga ankafika.

Ine ndinagulitsa mpunga pamsika zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikudziwa kuti mwamuna akamamwetulira chinthu chosayankhula ndiye kuti pali nkhani. Bambo a Faiza akaweruka ankakhala pampando ndi tabuleti, n'kumamwetulira, nthawi zina n'kumatukwana chapansipansi. Ndinaganiza za mkazi. Ndinawazonda sabata yathunthu kudzera pagalasi la kabati, koma ndinkangoona tiamuna tovala zipewa. Ndiye ndinaganiza za njuga, n'kumufunsa Patuma.

"Amayi, si njuga. Ndi besibo."

"Ndani ameneyo?"

"Masewera. Wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga. Ukadutsa pamwamba pa mpanda ndi chigoli. Ena amaima m'bwalo kuti auwakhe usanagwe. Alipo anthu khumi ndi awiri kuntchito kwawo, aliyense ali ndi timu yake. Osewerawo si anthu enieni, imasewera ndi kompyuta tsiku lililonse. Iwo amangosankha osewera chaka chikamayamba, n'kumasinthana."

"Wopambana amadya chiyani?"

"Palibe. Amangonyada."

Amuna khumi ndi awiri, chodya palibe. (Mawu amenewa ndinawasunga, sindinawakhulupirire.)

Patuma anaonjezera kuti chaka chino mwamuna wake wapeza bwalo lachilendo: laling'ono, mpanda wake wapafupi, ndiponso akuti lili pamwamba pa phiri pomwe mpweya ndi wopepuka, moti mpira ukangokhudzidwa umauluka. Analipeza pa maere.

"Anagwira chipewa cha maerewo ndani?"

"Kalosi, wa ku Venezuela. Ndiye amayendetsa zonse."

"Ehe," ndinatero ine.

Tsono kampani inawatumiza bambo a Faiza kunyanja, kumene amakumba gasi, kwa milungu itatu, kopanda netiweki. Tsiku losankha osewera linali Lachisanu lotsatira, anthu akachoka kumzikiti, ndipo Patuma Lachisanu sapuma. M'mawa wa ulendowo bambo a Faiza anatsokomola kawiri, n'kuima pakhomo la khitchini atanyamula mwana, nkhope ataloza kukhoma.

"Faiza, uwapemphe agogo ako andithandize. Pepala ili. Nthawi yathu ikakwana, adine dzina lapamwamba limene silinatengedwe. Basi, halasi. Asavutike n'kuganiza."

"Faiza, uwafunse bambo ako, amene waona pepalali ndani?"

"Onse aliona. Anena kuti ndi labwino kwambiri."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa poto. Munthu kuonetsa adani ake khumi ndi mmodzi pepala, adaniwo n'kuliyamikira, iye n'kusangalala! Ndinamumvera chisoni mwana wanga Patuma. Ndinalandira pepalalo ndi manja awiri.

Lachisanu ndinagoneka mwana, n'kuimika tabuleti patebulo monga anandisonyezera Patuma. Panatuluka nkhope khumi ndi imodzi m'timabokosi. Kalosi anali wandevu, woseka kwambiri (oseka kwambiri ndimawadziwa). Chizungu changa ndi cha Sitandade 8, chake chinali cha Sitandade 4, ndiye tinkamvana bwino.

"Mama, mwalandiridwa! Bwalo lanu laling'ono, tengani omenya! Omenya okhaokha, yala, tiyeni!"

Enawo anavomereza ndi mitu.

Ndinayang'ana mayina a papepala paja, mmodzimmodzi. Wosewera aliyense ali ndi chithunzi ndi timizere, tobiriwira pa zimene amatha, tofiira pa zimene satha. Onse a mkamwini wanga anali a makosi ngati ng'ombe zapangolo. Kumenya: kobiriwira. Kuthamanga: kofiira. Kuwakha: kofiira kwa magazi. Ndinakhala n'kuganiza, ngakhale anandiletsa. Pamsika mnzako wogulitsa naye akakuuza kuti "pikulani thumba ili, ndi labwino", thumba limenelo lili ndi anankafumbwe. Chachiwiri, munda wa mpanda waufupi suufunira anthu oponya zinthu kunja. Umaufunira alonda. Mkamwini wangayu anzake anamupatsa bwalo lobooka, kenako n'kumuuza kuti alisiye lopanda mlonda, kuti azibwera kudzakolola.

Pepala lija ndinaliika pansi pa fulasiki ya tiyi.

Nthawi yathu itakwana ndinadina kamnyamata kowonda ngati bango, kowakha kobiriwira mpaka kumapeto. Kenako Kalosi anagwira mutu.

"Mama, ayi! Pepala! Onani pepala!"

Pamenepo ndinatsimikiza. Munthu akakuwa chifukwa wasintha njira, ndiye kuti msampha unali panjira yakaleyo. Ndinapitiriza. Ndinatenga owakha, ndinatenga oponya, ndinatenganso owakha. Mmodzi anali wobiriwira paliponse, ngakhale pomenya, koma ndinamusiya chifukwa maso ake ankayang'ana cham'mbali. (Patuma anadzandiuza pambuyo pake kuti nkhopezo imangojambula kompyuta. Ijambule bwanji munthu woyang'ana cham'mbali ngati sinaone kanthu?) Amakosi a papepala aja anzathuwo ankawatola mwachangu, ena akudziphimba pakamwa. Ine ndinati ndi manyazi. Pomaliza, womenya mmodzi yekha amene tinali naye anali wotsala wa chaka chatha, amene m'nyumbamo ankamutcha Chimimba.

Patuma atabwera anafunsa akuvula nsapato, "Zayenda bwanji, amayi?"

"Ndateteza banja," ndinayankha.

Masewera anayamba Lamlungu. Ndinkaonera ndili ndi mwana kumsana. Alonda anga ndisawanamizire, anali akhama. Mpira ukamenyedwa ankathamanga liwiro la mtondo wadooka, n'kufika pampanda msanga, n'kuima, n'kuuperekeza ndi maso ukupita kunja. Mpira wodutsa pamwamba pa mutu suwakhika, ngakhale mzere wako ukhale wobiriwira chotani. Izi palibe anandiuza. (Anandiuza, koma anali Kalosi.) Ikafika nthawi yathu yomenya, tianyamata tanga tinkaukhudza mpira, mpirawo n'kugwera pamapazi pawo ngati bwemba. Mpweya wopepuka uja unkapepukira alendo okha. Chimimba yekha ndiye ankautulutsa kunja, koma pa kumenya kunayi katatu ankamenya mphepo, ndipo akamathamanga ndinkatha kupita kukaphula madzi a tiyi n'kumupeza asanafike.

Tinagonja kasanu ndi kanayi motsatizana.

Kalosi anatumiza uthenga. Anati akumva chisoni, andipatsa omenya awiri ine ndimupatse woponya mmodzi, kuti mwini timu akabwera apeze poyambira. Awiri kusinthanitsa ndi mmodzi, popanda chifukwa? Ndinamuyankha kuti zikomo, kwathu timadya kawiri patsiku koma sitidya nyambo.

Koma maganizo a awiri pa mmodziwo sanandichoke. Panali wina, Arinelo wa ku Philippines, wofatsa, amene sanandipemphepo kanthu kapena kundilangiza. Ankangoti "salamu, Mama" n'kukhala chete. Ndinaona kuti uyu ndiye wogona. Tsono apa ndi pamene ndikuchita manyazi, chifukwa ndinamuyamba ndine. Ndinamuuza kuti ndili ndi munthu wamphamvu, dzina lake lotchuka, ndimupatsa ngati iye andipatsa othamanga atatu. Za kumenya mphepo sindinatchule. Mbuzi yotsokomola umaigulitsa isanatsokomole pamaso pa wogula.

"Mama, mwatsimikiza?" anafunsa.

"Ndatsimikiza."

"Mama, bambo a mwanayo akudziwa?"

"Anandisiyira zonse."

"Mama, ndifunsenso kamodzi..."

Ndinadina msanga asanasinthe maganizo. Tsiku limenelo ndinaphika pilawu.

Masewera otsatira anali ndi timu ya Arinelo yemweyo, pabwalo lathu. Chimimba anabwera atavala malaya a eni ake atsopano, n'kuutulutsa mpira kunja katatu tsiku limodzi. Mpanda ankaudziwa bwino, anali atauzolowera. Kachitatuko kompyuta inamuonetsa akukweza chipewa, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankakwezera ine.

Bambo a Faiza anabwera viza yanga itatsala ndi masiku asanu ndi limodzi. Anatsokomola, ndinalowa kukhitchini, tinalonjerana kudzera kwa mwana. Anasamba, anadya, kenako ndinamva mpando ukulira. Ine maso pafiriji. Ndinkangomva chala chikukhwekhwereza pagalasi, kutsika, kutsika, kubwerera pamwamba, kutsikanso.

"Faiza."

Mwanayo anali mtulo.

"Faiza, uwafunse agogo ako. Chimimba ali kuti?"

"Faiza, uwauze bambo ako kuti anapita. Koma abwera atatu."

"Atatuwo ndawaona. Uwauze kuti ameneyo ndinamutenga ali kamwana, ndamulera zaka zinayi."

"Faiza, uwauze kuti atatuwo amathamanga."

"Athamangira kuti, amayi?"

Chikwatirireni mwana wanga, aka kanali koyamba kundiyankhula mwachindunji. Tonse tinadzidzimuka. Anatsokomola, n'kuonjezera motsitsa mawu, "Faiza."

Masiku atatu anadutsa, za viza osatchulidwa. Patuma ndiye anandiyankhula mosapsatira, poti iye mwambo sumuletsa.

"Amayi, pepala anakupatsani m'manja! Ntchito yanu inali kudina basi! Mukudziwa kuti kuntchito akumuseka mpaka madalaivala?"

"Ndinkamuteteza."

"Kwa ndani?"

Yankho ndinali nalo, koma linali litayamba kuchepa mphamvu. Ndinatsitsa chikwama pamwamba pa wodilopu n'kuyamba kupinda zitenje. Faiza ankandiyang'ana ali pamphasa, akuseka ndi nkhama zake, ndipo chitenje chimodzi ndinachipinda kanayi osadziwa.

Kwathu mpongozi akalakwira mkamwini sapepesa ndi pakamwa. Amatuma ankhoswe ndi nkhuku. Ankhoswe ali ku Ntaja, ndiye ndinatsika kusitolo n'kugula nkhuku youma ndi ayezi, yopanda mutu, yoti sungadziwe kuti inafa ndi chiyani. Ndinawerenga pulasitiki yokutira mbali zonse kufuna chidindo cha halali, ndinaiphika, n'kuiika yathunthu patebulo.

"Faiza, uwauze bambo ako kuti nkhukuyi ikudziyankhulira yokha."

Anadya mwendo, anadya chiganga, anadyanso mwendo winawo.

"Faiza, uwauze kuti yakoma."

Basi. Nkhuku yathunthu, mawu amodzi.

Kutatsala masiku awiri, akupita kuntchito, anaima pakhomo atavala kale nsapato.

"Faiza, uwauze agogo ako amasule chikwama. Viza ndaonjezera. Uwauzenso kuti timu ija ndi yawo mpaka chaka chithe. Amene waphika ndiye amadya."

Chitseko chinatsekedwa ndisanapeze chomutuma Faiza. Patuma anandiuza madzulo ake kuti anzawo a bambo a Faiza onse khumi ndi mmodzi anawapempha kuti Mama asapite, chifukwa chiyambireni masewerawa sanasangalalepo chonchi. Anatinso mwamuna wake ananena kuti munthu amene sakhulupirira ngakhale nkhope yojambulidwa ndi kompyuta ndi amene akufuna kuti azimusungira mwana. Sindikudziwa ngati kumeneko ndi kuyamikira. Vizayo poti siikhala ndi chidindo mupasipoti, ndinamuuza Patuma akaisindikize papepala, ndipo ndinakaonetsa mayi wina wa ku Balaka amene amagwira ntchito ku Al Hilal kuti aiwerengenso. Inali yeniyeni.

Ndiye ndidakali kuno. Mwana akukwawa. Timu yanga ili pansi penipeni, ndipo tsiku lililonse ndikamaliza kuchapa matewera ndimakhala pansi kuonera alonda anga akuperekeza mipira. Ndaphunzira kuti anthu khumi ndi mmodzi akhoza kukuuza zoona onse nthawi imodzi. Zimachitika, ndaziona ndi maso anga.

Koma dzulo Kalosi watumiza uthenga, akuti woponya wanga wamanzere watopa, ndimupumitse. Mwaulemu kwambiri, mpaka kufunsa za mawondo anga. Ndamusiya momwemo woponyayo, asewere mawa ndi mkuja, mpaka ndidziwe chimene munthu ameneyu akufuna.